Midzi khumi ndi umodzi ya a Lemson Chisale

Ku Sizinda, mumzinda wa Bulawayo, kuli anthu odziwa kwawo, kuli ena osadziwa kwawo, ndiye kuli a Lemson Chisale, amene pofika chaka chatha anali atachokera m'midzi khumi ndi umodzi ya m'maboma anayi, chonsecho ku Malawi sanapondeko ngakhale ndi chala cha phazi.

Musati ndi munthu wabodza, ayi ndithu. Ndi mkulu wa mpingo, wovala tayi ngakhale popita kukagula tomato. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu anasungunula zitsulo pa fakitale ina ku Donnington, kupalasa njinga m'mawa ndi madzulo mpaka njingayo inayamba kukhota yokha pamphambano. Chinkawagwetsa ndi funso limodzi basi. Ku sosayite ya maliro ya Amalawi, mlendo akangoti, "Kumudzi n'kuti, achimwene?" manyazi ankawagwira, pakamwa n'kutuluka dzina lililonse limene anamvapo sabata imeneyo.

Mlandu unali wa bambo awo, malemu a Davison, tchona lenileni. Anafika ku Bulawayo mu 1951, nagwira ntchito pa fakitale yomweyo. Kuntchito ankayankhula Chilapalapa, kwa mkazi wawo Chindebele, ndipo Chichewa ankachisungira zinthu ziwiri: kukalipira ana ndi kuyimba pometa ndevu. Lemson akafunsa za kumudzi, yankho linali lakuti, "Ndidzakuuza ukadzakula." Bambowo anamwalira Lemson ali ndi zaka khumi ndi zinayi, asanakule mokwanira. Kumanda anzawo a malemu anangotsala pang'ono kugwirana m'makolala, wina akuti Dedza, a Macdonald akuti Ntcheu, wina akulumbira kuti anali wa kwa Apwitikizi.

Tsono pamaliro a Mmalawi ku Sizinda pali mwambo wake. Bokosi lisanatsike, wamkulu wa sosayite amaima n'kuwerenga kuti uyu ndi mwana wa uje, mudzi wakuti, mfumu yakuti, boma lakuti, kuti wopitayo adziwe kolowera. A Lemson atafika zaka makumi asanu ndi awiri, maondo atayamba kulira ngati chitseko cha tchalitchi, nkhaniyi inawakhala pamtima. Ine adzandiwerenga chiyani? Sizinda? Sizinda ndi mudzi? Kapena adzawerenga yonse khumi ndi umodzi, mzimu wanga n'kumangozungulira pa depoti?

Fakitale ija itatsekedwa, a Elton, amene anali kalaliki kumeneko, anajambula pa makina makadi akale a antchito mapepala asanatayidwe. Tsiku lina anabwera ndi kafalashi ka kompyuta, kakang'ono ngati mtedza. "Bambo ako ali umu," anatero.

Bambo anali momwemo, koma kutuluka anakana. Fayiloyo inali ya mtundu wotchedwa TIFF, ndipo mafoni a mumsewu wonse anaikana mogwirizana. Ya abusa inaikana. Ya mayi wogulitsa maputi inazima kumene, mpaka lero mayiyo sapatsa a Lemson moni bwino. A Lemson anakulunga falashi m'kampango, n'kuiika m'Baibulo, pa Maliro a Yeremiya.

Aliyense ankadziwa woyenera kumuona: Michelle, mkazi wa mwana wawo Thabani, mdzukulu wa anthu a ku Chipata, amene ali ndi kashopu m'tauni. Koma panali zopinga ziwiri. Choyamba, mpongozi, amene kuno amati makoti, sumukhalira pafupi ngati mnzako wa bawo. Chachiwiri, ntchito ya Michelle ndi kusindikiza mapologalamu a maliro, ndipo nkhalamba yolowa m'shopu yotere ndi miyendo yake imaoneka ngati yabwera kudzalembetsa. A Lemson anazengereza masabata atatu. Lachinayi lina anavala jekete napita.

"Hawu, baba! Kwagwanji? Wamwalira ndani?" anafunsa Michelle, akudzuka kupereka mpando.

"Palibe, makoti. Amene ndabwera nawo anamwalira kale, musavutike."

Anakokera mpando kutali, pafupi ndi khomo, monga mwa ulemu, n'kupereka kampango ndi manja awiri.

Kompyuta ya Michelle ndi yakale, yoti ikanakhala munthu bwenzi ikulandira penshoni. Mapologalamu olemera a zithunzi imawakana, choncho iye anazolowera kugwira ntchito pa kawindo kakuda bii, kopanda chithunzi chilichonse, kongolembapo malamulo. Zithunzi za akufa zimabwera kwa iye m'mitundu yonse, ndipo amazitembenuza makumi makumi ndi mzere umodzi.

"Mukulembera ndani mumdimamo?" anafunsa a Lemson, khosi atalitambasula ngati nthiwatiwa.

"Ndikuuza makina, baba. TIFF ili ngati thiranki yachitsulo ija ya kale, foni singainyamule. JPG ndi kajumbo. Katundu ndi yemweyo, ndikungosamutsa."

"Musawapinde potsitsamo. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima."

Michelle analemba kuti convert davison.tif davison.jpg, n'kudina batani. Sipanalire belu, sipanatuluke utsi. A Lemson anakhumudwa pang'ono, poti ankayembekeza kuti ntchito yolepheretsa abusa itenga mpaka madzulo.

"Kanti?" anadabwa Michelle m'Chindebele, akuyandikira. "Ndaika imodzi, zatuluka ziwiri. Davison-0 ndi davison-1. Thiranki ija inali ndi masamba awiri. A Elton anajambula kutsogolo ndi kuseri komwe."

Anatsegula yoyamba. Panatuluka mnyamata wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, makutu otambalala, kolala yaikulu kuposa khosi, maso atatong'ola ngati kamera imuluma. A Lemson ankakumbuka bambo wa imvi ndi mawu a bingu. Uyu anali mwana, wamng'ono kuposa Thabani. Anadzuka osadziwa, ulemu wonse wa upongozi n'kutsala pampando, mpaka phewa lawo linagunda la Michelle.

"Makutuwa ndi a mwamuna wanga," anatero Michelle chapansipansi. "Ndiye kuti mlandu unayambira apa."

"Tsegulani inayo."

Kuseri kwa khadi kunali mizere yolembedwa ndi inki, m'Chingerezi cha kalaliki wa nthawi imeneyo. Michelle anakuza zilembo n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono. Boma, Ntcheu. Mudzi, Kamphulusa.

"Bwerezani."

"Kamphulusa, baba."

A Lemson anatchula dzinalo okha, kawiri, katatu, ngati munthu woyesa nsapato. Pa midzi yawo khumi ndi umodzi ija panalibe ngakhale umodzi woyandikira. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ntcheu! Ndiye kuti a Macdonald aja ankanena zoona kumanda kuja, anthu n'kuwatcha chidakwa!"

Michelle sanaseke nawo. Chala chake chinali pa mzere wapansi.

"Pali zinanso, baba. Apa akuti mkazi kumudzi, Akuzike. Ana, mmodzi. Wamkazi."

M'shopumo munangomveka makina osindikizira akudzikanda pakona. A Lemson anabwerera pampando, nakhala pang'onopang'ono. Zaka zonsezi ankadziyesa mwana woyamba. Anayamba kuwerenga pa zala: ngati mwanayo anabadwa bambo asananyamuke, lero ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu, mwina kuposa. Zaka zoti munthu akhoza kukhalapo. Zaka zoti akhoza kusakhalaponso. Kwinakwake ku Kamphulusa kunali kamtsikana kamene kanakula kakuyang'ana msewu, pamene iwo kuno ankakalipiridwa m'Chichewa tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ndi mwayi.

"Dzina lake alemba?"

"Ayi. Angoti mmodzi."

"Lembaninso mawu aja, makoti. Mwina chituluka chachitatu."

Michelle anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti makina satulutsa chimene sichinaikidwemo. Atawayang'ana nkhope, anatembenuka n'kulembanso mzere uja, chilembo ndi chilembo, n'kudina. Zinatuluka ziwiri zomwe zija.

"Ndi zomwezi, baba."

"Chabwino." Anapukuta magalasi ndi tayi, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. "Musindikize zonse ziwiri, kutsogolo ndi kuseri, papepala lolimba. Makope awiri."

"Lina la Thabani?"

"Thabani ali ndi makutu kale, amukwanira. Linalo ndi la achemwali anga. Iwo nkhope iyi sanaione bwino, anali khanda." Anaima, nakonza jekete. "Ndipo mumufunse mwamuna wanuyo kuti pasipoti amayambira ofesi iti. Mumuuze kuti ndi zachangu. Tonse awiri ndife okalamba."