A Simbi ndi Lachitatu la Pakauntala

Hafu pasiti sikisi m'mawa, ine ndikamalowa pakhomo lakuseri, a Simbi amakhala atayamba kalekale kusita. Ndikati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" iwo amati, "Shati ya naini," maso ali pa kolala. Akayankha choncho ndiye kuti adzuka bwino.

Timagwira ntchito pamalo ochapira zovala, m'kamsewu kolowera kumsika. Kutsogolo kuli kauntala yolandirira makasitomala, pakati pali makina atatu ochapira ndi amodzi owumitsa, ndipo kumapeto kwenikweni kuli kachipinda ka zenera limodzi. Mmenemo ndiye mwa a Simbi. Muli tebulo lalitali loyalidwa bulangete ndi nsalu yoyera pamwamba, botolo lowazira madzi, waya wa mahang'ala, ndi simbi yamagetsi imene chingwe chake anachikulunga tepi malo atatu. Dzina lawolo linachokera pa simbiyo, ndipo sadana nalo. Nawonso ife satitchula mayina. Ine ndine "a Makina Achiwiri", chifukwa ndi amene ndinapatsidwa nditangoyamba ntchito.

Ali ndi zaka 41, ndipo 17 mwa zimenezo azithera m'kachipinda kameneko. Kasitidwe kawo ndi kamodzi: kolala, mapewa, mikono, kumsana, kutsogolo. Akamaliza amaikweza shatiyo pawindo n'kuitembenuza ngati mayi woyang'ana mwana amene wangomusambitsa. M'makutu amaikamo thonje, chifukwa makina owumitsa akamalira, amati zimakhala ngati wina akuwapala m'mutu ndi supuni. Teni koloko amazimitsa simbi, amakakhala pa sitepe yakuseri pafupi ndi madiramu a madzi, n'kudya buledi masilayisi anayi ndi tiyi wopanda mkaka. Ife timadyera mkati, tikuseka, tikudya miseche ya makasitomala. Chitseko chimakhala chotsegula. Amatimva, koma sabwera.

Sabata yoyamba ndinkawaopa. Nditawapatsa moni anangoti, "Batani lanu lachiwiri lithothoka lero." Ndinagwira pachifuwa ndi manyazi, mumtima ndikuti bambo uyu ngwamwano. Masana linathothokadi. M'mawa mwake ndinapeza singano ndi ulusi wofanana ndi bulauzi yanga pamwamba pa makina, atazibaya pa kakatoni. Sanatchulepo kanthu, nanenso ndinasowa poyambira kuthokoza.

Amene amawatha ndi amayi a mapasa, omwe amachapa pamanja zovala zosafuna makina. Iwowo pakamwa sipapuma.

"Amuna anga inu, lero simundigulirako kanthu?" amawaputa choncho akamadutsa ndi beseni.

"Sindine amuna anu. Amuna anu ndi aja a njinga yamoto. Shati yawo yabuluu ili ndi mafuta a injini pamkono."

"Mwamva anzanga? Nsanje imeneyo!"

A Simbi saseka. Koma ndaona kuti tsiku limene amayi a mapasa achedwa, amasuzumira kubeseni kawiri katatu.

Mbiri yawo ndaimva pang'onopang'ono, ina kwa amayi a mapasa, ina kwa eni ake. Makolo anamwalira iwo ali aang'ono, anakulira m'manja mwa achemwali awo. Kusukulu ankati ndi wamakani. Ntchito ziwiri zoyamba anachotsedwa, eti chifukwa chosalemekeza mabwana. Ali ndi zaka 34 achemwali awowo anapita nawo kuchipatala, ndipo dokotala atacheza nawo maulendo angapo anati ndi otizimu. Si misala, komanso si matenda omwera mankhwala. Ndi mmene munthu anabadwira. Kwa a Simbi, phokoso limawapweteka, nkhope za anthu zimawavuta kuzimva, ndipo zinthu zikasintha mwadzidzidzi mawu amawathawa pakamwa. Anandiuza okha kuti, "Dokotala atanena, ndinagona tulo. Ndinkayesa ndine munthu woipa mtima."

Chaka chatha achemwali aja anasamuka kutsatira amuna awo, kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Amaimba foni Lamlungu lililonse folo koloko, mphindi khumi. Kunyumba kwa a Simbi ndinafikako kamodzi, atadwala chimfine, nditatumidwa kukasiya mankhwala. Ndi chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya misomali ndi penti. Bedi loyalidwa mopanda khwinya, mpando umodzi, mbale imodzi, kapu imodzi. Anaima pakati pa chipinda akuyang'ana kapu ija.

"Ndilibe yachiwiri," anatero.

"Musavutike bambo, ndamwa kale."

"Ndinu woyamba kulowa muno chichokereni achemwali."

Ananena ngati munthu wonena kuti kunja kukugwa mvula. Ndinasiya mankhwala aja pabedi n'kutuluka.

Zinthu zasokonekera mwezi uno. Abwana aakulu, amene anawalemba ntchito ndipo ankawamvetsa popanda zolankhula zambiri, anadwala sitiroko. Malo watenga ndi mwana wawo, amene timati abwana aang'ono. Si munthu wankhanza ayi, koma anabwera ndi zake zatsopano. Anaika wailesi ya sipika yayikulu kutsogolo. Kenako anamata pepala pakhoma, kuti aliyense azikhala pakauntala tsiku limodzi pa sabata kuti tidziwe ntchito zonse. A Simbi anawalemba Lachitatu.

Amayi a mapasa anayesa kunena. "Bwana, awa muwasiye kumbuyo komweko."

"Mayi, pano palibe wapamwamba. Zaka 17 alephere kulandira thalauza?"

Lachitatu loyamba a Simbi anaima pakauntala eyiti koloko ndendende, atavala shati yoyera. Abwana aang'ono anawauza kuti achotse thonje m'makutu, eti makasitomala aziyesa akuwanyoza. Anachotsa. Mpaka cha m'ma ileveni zinkayenda. Kenako analowa bambo wina wa suti yotuwa, atakwiya kale.

"Suti yanga munaifinya! Thalauza silikutsekeka."

A Simbi anatenga tepi, anayeza m'chiuno mwa thalauzalo, anayezanso. "Thalauza silinafinyike. Lili mmene linalili chaka chatha. Mwanenepa ndinu."

Sankanyoza. Ankafuna kuti bamboyo asadandaule za suti yake. Koma bamboyo anamenya kauntala, akukuwa kuti aitanidwe mwini malo. Nthawi yomweyo foni inayamba kulira, wailesi ikuimba, mayi wina wa makatani akufunsa ngati auma. Ndinawaona a Simbi akutsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anaika tepi ija bwinobwino pakauntala, anadutsa pakati pathu osaona aliyense, n'kutuluka kuseri.

Ndinawapeza atanjuta kuseri kwa madiramu, manja ali m'makutu, akugwedezeka uku ndi uku. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwagwire paphewa, amayi a mapasa anandikoka.

"Usawakhudze, mwana iwe. Ingoima apa uwatchinge dzuwa."

Ndinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Atadzuka anakasamba m'manja pampopi, n'kukayatsa simbi. Tsiku lonselo sanalankhulenso. Madzulo abwana aang'ono anawaimirira pakhomo la kachipinda kaja.

"Kasitomala uja wapita, sabweranso. Zikachitikanso, mwezi ukatha mukapume kunyumba."

Zinatiwawa tonse. Tinakumana atatu, ine, amayi a mapasa ndi adalaivala amene amakasiya zovala m'mahotela. Tinagwirizana kuti Lachitatu lililonse tizikhalapo ife mosinthana, a Simbi azingosita. Abwana aang'ono amabwera mochedwa, n'kumangolowa n'kutuluka, sangazindikire. Tinadziona anzeru kwabasi. Eni akewo sitinawafunse.

Lachitatu lapitali ndinalawira n'kukhala pakauntala. Eyiti koloko, a Simbi aja ndi awa, shati yoyera, thonje atachotsa kale.

"Bambo, pitani mukasite. Lero ndakhalapo ine."

"Papepala palembedwa ine."

"Inde, koma tagwirizana."

"Mwagwirizana ndi ndani? Papepala palembedwa ine Lachitatu."

Amayi a mapasa anabwera manja ali thovu lokhalokha, anatenga cholembera, anafufuta dzina la a Simbi n'kulemba langa. "Ndi izo, amuna anga. Pepala lasintha maganizo."

A Simbi analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Izo si zolemba za abwana. Abwana amalemba ndi chakuda."

Sanachoke. Kukhala pakauntala kunali kowawa, koma kuchita zosemphana ndi zimene abwana analemba kunali kosatheka. Anaima pambali panga tsiku lonse, osalandira chovala ngakhale chimodzi. Teni koloko sanakadye. Kumbuyo mashati anaunjikana phiri, poti panalibe wina wogwira simbi, ndipo ife m'nzeru zathu zija sitinaganizeko zoti angakane. Madzulo anthu asanu anabwerera opanda zovala zawo. Abwana aang'ono atafika anapeza anthu awiri pakauntala, simbi ili zii, pepala lawo lafufutidwa. Sanakuwe. Anangoti, "Lachisanu la sabata ya mawa ndi kutha kwa mwezi," n'kulowa mu ofesi.

Tinkafuna kuwabisa, osadziwa kuti munthu amene satha kunama sabisika. Amayi a mapasa tsiku lotsatira anachapa chete, osaputa aliyense.

Pali malo amodzi amene a Simbi amapitako kupatula kuntchito ndi kunyumba. Loweruka limodzi pa mwezi, m'mawa, amapita kuchipatala, kuchipinda china chakumapeto, kumene amakumana akuluakulu asanu ndi mmodzi a otizimu pamodzi ndi namwino. Abwana aakulu ankawalola kulowa ntchito masana tsiku limenelo. Ndinawafunsapo kuti amakachita chiyani.

"Timakhala. Wofuna kulankhula amalankhula. Wina amalemba papepala, namwino amawerenga. Palibe amene amati undiyang'ane m'maso."

"Ndiye muli ndi anzanu, bambo."

"Maola awiri pa mwezi," anatero, n'kupitiriza kusita.

Dzulo linali Loweruka la gulu lawolo. Anafika masana, anasita mpaka faifi koloko. Tikuweruka, anaima patsogolo pa makina anga, akuyang'ana chitseko cha makinawo.

"A Makina Achiwiri, mubwere pa sitepe."

Aka kanali koyamba kuitana munthu pamalo awo aja. Anasunthira kukhoma kuti ndikhale, pakati pathu panatsala malo okwana munthu wina. M'thumba la shati anatulutsa envelopu yokulungidwa mu pulasitiki. Inali kalata ya namwino uja, ya chidindo cha chipatala. Ndinaiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Inkati bambo awa ali ndi otizimu, ntchito amaitha, ndipo chimene akupempha ndi zinthu zitatu: asiyidwe pa simbi, aloledwe kutseka m'makutu, ndipo chikafuna kusintha chinthu, auzidwe polemba tsiku limodzi chisanachitike. Basi.

"Lolemba ndikufuna kukaipereka kwa abwana. Kugulu ndinayeserera," anatero. "Mnzanga wina anakhala ngati abwana, ine ndinalowa ndi kalata. Kasanu. Katatu ndinamaliza, kawiri mawu anathawa. Koma mnzangayo sakwiya. Abwana amakwiya."

"Achemwali anu mwawauza?"

"Sangafike Lolemba. Kale ondilowera kwa abwana anali iwo."

"Nanga amayi a mapasa?"

"Amalankhula zambiri. Amanena kuti ndine amuna awo."

Ndinaseka, koma mtima unali kwina, poti ndinazindikira kuti akufuna ndikalowe nawo ine. Ndili ndi mwana wa chaka ndi theka, ndipo ntchitoyi ndi imene imamudyetsa. Dzina langa ndi limene lili pa pepala lofufutidwa lija. Ndinayang'ana madiramu, ndinayang'ana kalata. A Simbi sanandikakamize. Ankangopinda pulasitiki ija n'kuipindulanso.

"Ntchito iyi ikatha, mudzapita kuti, bambo?"

"Kuchipinda kwanga."

"Kenako?"

Anaganiza kaye, poti iwo sayankha chinthu asanachiyeze. "Kuchipinda kwanga."

Ndinawauza kuti ndilowa nawo. Ndinawauzanso kuti ndikufuna kulemba nkhani yawo, kuti ena amene amagwira ntchito ndi anthu ngati iwo asadzalakwitse mmene tinalakwitsira ife. Anavomera, bola ndisawonjezere. Mawa ndi Lolemba, ndipo sindikudziwa chimene abwana aang'ono akanene. Pa sitepe paja ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu anga okawanyengerera abwanawo.

"Ndikawauza kuti zaka 17 zonsezi simunapserezepo chovala ngakhale chimodzi."

"Ziwiri," anandidula. "Bulauzi ya silika ndi mpango. Mukanene ziwiri."

Anaimirira, anakutumula fumbi kumbuyo kwa thalauza, kenako anatembenukira kumene ndinakhala. Maso anali pa nsapato zanga.

"Naini koloko. Mukaime kumanzere kwanga, pafupi ndi chitseko. Ndikayamba ndekha. Ndikakhala chete, muwerenge mpaka twente mumtima, mwina mawu abweranso. Akapanda kubwera, muwerenge kalatayo mmene yalembedwera. Musakandigwire paphewa. Ndipo chonde, musakanene kuti andimvere chisoni. Mukanene kuti ndikufuna kugwira ntchito yanga."