Tsiku Limene Ndinakoka Apongozi ndi Chitenje

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndakhala pachikamwini kufupi ndi Limbuli mpaka ana kukula, koma mawu anga ndi a apongozi ankadzera mwa mkazi wanga, ngakhale kupempha mchere kumene. Sindinkadandaula ayi. Ndi ulemu, komanso umachepetsa milandu.

Chaka china maso awo anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina ndikupopa njinga yanga ya kabaza pabwalo, ndinawamva akuuza mkazi wanga kuti, "Uwauze amuna ako andikweze phiri. Ndikaone kwathu maso asanatseke." Kwawoko ndi kuseri kwa Milange, kutsidya kwa malire a dziko lino, kumene anathawa nkhondo atabereka mkazi wangayu kumbuyo. Mudziwo unatha kalekale, koma ankamva kuti kaphiri kake kamaoneka ukaima pansonga ya kum'mawa.

Ndinati mumtima, aa, mayi awa akuliyesa chulu phiri la Mulanje? Ine ndinasenzapo matabwa ku Chambe ndili mnyamata, ndimalidziwa. Koma mkamwini sakana.

Tinanyamuka m'mbandakucha atatu, apongozi atamanga kaphukusi ka chinangwa chophika ndi nyemba za kalongonda. Ine nkhawa yanga inali pa iwo, osadziwa kuti miyendo yomwe yathyola tiyi m'zitunda moyo wonse si yoseweretsa. Amene anagonja ndi mkazi wanga. Titafika pamtsinje pomwe nkhalango imathera, anangokhala pansi kuti khwatha.

"Ine basi, mawondo akana. Pitani awiri."

Ndinapsa mtima. "Iwe, nanga tizikalankhulana bwanji?"

"Muzikauza mitengo," anatero akuvula nsapato.

Iye ankanena zocheza, koma apongozi anatembenukira kamtengo kena nkunena kuti, "Mtengo iwe, uwauze atsogole, dzuwa silidikira munthu." Nanenso ndinauza mtengowo kuti ndamva. Tinakwera choncho, ine patsogolo, iwo pambuyo, uku tikutuma mitengo ndi miyala. Pena ndinkaluma mlomo kuopa kuseka.

Chakumasana tinafika pathanthwe lotsetsereka, madzi akuyenderera pamwamba pake. Ine ndinakwawa nkufika. Apongozi anayesa, nkuterereka. Anayesanso, bondo nkusupuka. Ndinatambasula dzanja, iwo nkuyang'ana kumbali. Kunena zoona mantha anandigwira, chifukwa kubwerera pamenepo kunali kutaya zonse, ndipo chaka chamawa maso akanakhala atapita. Ndinakalipira thanthwe: "Mwala iwe, uwauze kuti ulemu sukweza munthu phiri!"

Apongozi anamasula chitenje chapamwamba, nkuchipota, nkundiponyera nsonga imodzi. Ndinakulunga padzanja, ndinaponda zolimba, ndinakoka. Mayo, mayi ochepa thupi koma kulemera ngati thumba la chimanga chosauma! Anafika akupuma wefuwefu, nkumanganso chitenje chawo ngati palibe chachitika.

Pansonga panali mphepo yozizira, koma kumwamba kunali kuli mbee, popanda kamtambo. Apongozi anaima, anaphimba pachipumi ndi dzanja, anayang'ana nthawi yaitali.

"Kuli utsi wokhawokha," anatero.

Mtima wanga unasweka. Utsi kunalibe. Tinachedwa, maso anali atatsogola kale.

Miyala inali mbwee pamenepo, koma sanatume ndi umodzi womwe. Anatembenuka nkundiyang'ana ine. "Bambo, inu muli ndi maso. Mukuona chiyani?"

Ndinawauza za malata a ku Milange akunyezimira, msewu wofiira wolowera kum'mawa, ndi kaphiri kokhala ndi mpata pakati ngati munthu woguluka dzino.

"Kumanzere kwake kuli mtsinje?"

"Ulipo, ukung'anima."

"Ndi kumeneko," anatero. Analankhula mawu angapo m'Chilomwe, oitana mayi awo, anapukuta misozi, kenako anaseka. Anamasula kaphukusi kaja, ananyema chinangwa nkundiika m'dzanja. Tinadya titayang'anana, ndipo kalongonda wokoma chotero sindinamudyenso.

Potsika tinapeza mkazi wanga atagona pamthunzi, wopanda ndi manyazi omwe. Anafunsa ngati aona. "Ndaona bwinobwino," anayankha apongozi, ndipo ine sindinawonjezepo kanthu. Tinafika kunyumba dzuwa litalowa.

Kutacha, mwambo unabwerera m'malo mwake, ndipo ine ndinakondwa nazo. Lero apongozi saonanso. Amakhala pakhonde kuwothera dzuwa, ndipo akamva belu la njinga yanga amatembenuzira nkhope kumbali monga kale. Koma masiku ena amakweza mawu kulankhula ndi mtengo wa mango wa pabwalo: "Mango iwe, uwafunse, kaphiri kaja kanali kotani?"

Ndimatsamiritsa njinga, ngakhale makasitomala akudikira kumalire ku Muloza, nkuufotokozera mtengowo zonse, kuyambira pa malata mpaka pamtsinje.