Dzungu Lokhala ndi Maso

Mdzukulu wanga Rosa akukonzera anzake festa, phwando loopsezana, akuti Halowini. Waboola dzungu maso ndi mano, ndipo fungo lake ladzaza pakhonde.

"Vovo, likuopsa?"

"Ayi."

Ndili mwana, amayi atamwalira, azakhali ankandisiya ndekha kumunda ku Chimbonila kuti ndizipirikitsa anyani. Kunkazizira, ndipo kunalibe wolankhula naye. Panali dzungu limene amayi anabzala asanadwale. Ndinaliboola maso ndi msomali, poganiza kuti iwo azindionera m'menemo. Ndinkaliuza zonse, ngakhale za chilonda changa cha kuphazi.

Litayamba kuwola, azakhali analiona.

"Wawononga chakudya, mwana iwe."

Analidula n'kuliponyera nkhumba. Ndinalira mpaka mawu anatha, iwo n'kumadabwa kuti mwana akulirira dzungu.

Pamaliro sindinalire. Kwa ine amayi anamwalira tsiku la dzungulo.