Sitiwoloka Zambezi Popanda Madala

Ufulu utabwera, ife ogwira ntchito kunjanji tinayamba kupatsidwa nyumba ku Raylton, mu Bulawayo muno, komwe kale tinkangodutsako pa njinga. Mzungu amene anatuluka m'nyumba yathu anazula chilichonse, ndi mababu omwe, koma pamwamba pa kabati anaiwalapo kabokosi. Munali buku la Chingerezi lopanda chikuto ndi madayisi achilendo, lina la mbali makumi awiri.

Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, anali mphunzitsi, ndipo ndiye analiwerenga bukulo. Anati ndi masewera a patebulo. Munthu mmodzi amafotokoza nkhani, ena aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhanimo n'kumanena zomwe munthuyo akuchita. Pakafika poopsa amaponya dayisi: nambala ikakula wapulumuka, ikachepa zako zada. Zilombo zolavula moto za m'bukumo tinazisiya momwemo. Ife tinapeka yathu, ya anthu atatu oyenda pansi kuchoka ku Bulawayo kubwerera kwawo ku Nyasalande, m'masiku a makolo athu. Wofotokoza ndinali ine, poti pakamwa ndiye ndinali napo.

Osewera anali mkazi wanga, mlamu, ndi mkulu wina wa ku Sizinda amene tonse tinkangowatchula Madala. Ntchito yawo inali yothira mafuta mabogi a sitima. Anabwera wapansi kuchokera cha ku Dedza ali mnyamata, ndipo sanabwererekonso, ngakhale kalata inaleka kalekale. Anali mchona weniweni. Munthu wawo m'nkhani anali mnyamata wosenza makina osokera, mphatso ya mayi ake.

Malamulo ndinawalemba ndekha kuseri kwa kalendala, chifukwa ine ndinali kalaliki wa masitima ndipo ndinkakhulupirira kuti chinthu chopanda lamulo chimagwa m'njanji. Tinkakumana Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndipo wochedwa ankapeza anzake atapita. Patebulo tinkayankhula Chichewa chokha, lamulo lomwe linkandiluma ine mwiniwake, wobadwira konkuno, lilime langa litapindika ndi Sindebele. Dayisi logwa pansi silinkawerengedwa. Lomaliza ndinalilemba ndi zilembo zazikulu: dayisi likanena lanena, wafa wafa.

Tinayenda zaka ziwiri. Tinathawa apolisi a chitupa, tinagona m'mitengo kuopa mikango, munthu wa mkazi wanga, yemwe anali mzamba, anabadwitsa mapasa pafamu ya fodya, ndipo munthu wa mlamu anabedwa nsapato katatu chifukwa cha tulo. Madala sanajombepo. Ankabwera atavala jekete yawo ya kutchalitchi, chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo ndikalakwitsa dzina la mtengo kapena njira ankandikonza mosanyengerera.

Tsiku lomwe tinafika pa Zambezi ndinati bwato ndi laling'ono, madzi adzaza, makina atsale. Madala anakana. Ndinawachenjeza kawiri, koma anati makina asenzedwa zaka ziwiri sangasiyidwe pamchenga. Anaponya dayisi, linagubuduka n'kuima pa wani. Ine, ndi mtima wanga wapachalawu, ndinaloza kalendala n'kulengeza kuti bwato lagubuduzika, mnyamata wamira ndi makina ake omwe, Madala apeke munthu wina. Sanatsutse. Anavala chipewa, natsazika aliyense mwaulemu, n'kukankha njinga yawo mpaka kugeti osaikwera.

Lamulungu lotsatira mpando wawo unali wopanda munthu. Ndinayamba kufotokoza za tsidya lija, koma mkazi wanga anati mzamba wake sawoloka, akutsika ndi mtsinje kukafunafuna mnzake. Mlamu anati nayenso. Ndinakalipa kuti munthuyo wafa, malamulo ndi omwewo tinagwirizana tonse. Mkazi wanga anandiyang'ana momwe amandiyang'anira ndikalowa ndi matope m'nyumba.

"Bambo, kwathu maliro salengezedwa mtembo usanaoneke. Ndipo munthu wa kwathu sasiyidwa panjira. Inu simulipira nawo kubungwe la maliro?"

Masabata atatu anandizunza anthu awiriwa. Ndikawaikira ng'ona, ankadutsa. Ndikati chakudya chatha, ankati adya matowo. Ankafunsa msodzi aliyense amene ndinamupeka ngati waona mnyamata ndi makina. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuona chomwe ndinachita. Kwa ine Dedza linali dzina la pamapu. Madala ankapita kwawo Lamulungu lililonse, ulendo womwe anaulephera moyo wawo wonse, ndipo ine ndinawamiza atatsala pang'ono kufika. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo kunena zoona ndinawasowa.

Loweruka masana ndinapalasa njinga mpaka ku Sizinda. Ndinawapeza akumata chubu pakhonde. Ndinapepesa m'Chichewa changa chopunduka, ndi kuwauza kuti anzawo akana kuwoloka, akadali m'mbali mwa mtsinje. Anapitiriza kupaka guluu kwa kanthawi.

"Mfana wami, mwana wanga, kufa sindikuopa," anatero. "Koma tonse amene tinabwera nawo anafera panjira kapena ku migodi. Ndimati mwina mmodzi yekha akafike, ngakhale wa papepala."

Kenako anafunsa ngati makina apezeka. Ndinati makina ndiye anapita ndithu, dayisi silinganame pa zonse. Anaseka, nati kalaliki ndi kalaliki basi.

M'mawa mwake, tisanayambe, ndinatsitsa kalendala. Lamulo la zilembo zazikulu ndinalikhwatcha pamaso pa onse, ndipo tinagwirizana lina: dayisi likhoza kukulanda katundu, kukuthyola mwendo, kukusocheretsa, koma munthu safa mwini wake asanavomere, ndipo gulu siliwoloka mtsinje wina atatsala. Mlamu anawonjezera kuti wofotokoza azifunsa kaye asanakalipe, ndipo nalonso linalembedwa ngakhale ndinadandaula. Tsiku lomwelo asodzi anamupeza mnyamata uja m'bango, ali moyo, m'manja atangogwira kachitsulo kopukusira makina.

Panapita miyezi inanso isanu kuti tifike. Tsiku lofika ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze mudziwo, koma ndinalibe choti ndinene, chifukwa sindinauonepo. Ndinawapempha Madala kuti afotokoze okha. Anayamba pang'onopang'ono: kanjira kodutsa m'dimba la nzimbe, mwala womwe amayi ankayanikapo ufa, mtengo wa mapichesi kuseri kwa khola, chitseko chabango chomwe chinkafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitseguke. Anafika pakhomopo n'kuima.

Mwachizolowezi ndinawakankhira dayisi, kuti tione ngati m'nyumbamo muli munthu. Onse tinkadziwa kuti mayi awo enieni sangakhale moyo. Madala analiyang'ana dayisilo osalikhudza.

"Apa pokha tisaponye," anatero.

Ndinalitenga n'kuliika m'thumba la malaya. Madala anachotsa chipewa pabondo, nakhala mowongoka, n'kuwomba m'manja kawiri.

"Odi kuno."

Anayankha ndi mkazi wanga, mosakweza mawu, ngati munthu amene wangosiya ntchito m'manja.

"Lowa, mwana wanga. Wachedwa, koma lowa."