Masiku 28 a bambo Namakhwa

Masiku 28. Buloko la konkire likaumbidwa limayenera kudikira m'madzi mpaka tsiku la 28, ndipo tsiku lomwelo ndi limene limaikidwa m'makina n'kufinyidwa mpaka kusweka, kuti adziwe kulemera kumene lingapirire. Likapitirira tsikulo, akuluakulu a kukoleji salilandira. Nambala imeneyi ndinaiphunzira kwa bambo Vitalis Namakhwa, ndipo m'chaka chino cha 2000 ndaona mmene yawamangira ngati mbuzi pachikhomo.

Bambo Namakhwa kwawo ndi ku Milepa. Anaphunzira zomangamanga kumishoni, kenaka anagwira ntchito zaka 18 pakoleji ina ku Blantyre, yoyeza njerwa, mchenga ndi simenti. Mu 1996 kolejiyo inatsegula malo ofufuzira kuseri kwa Njuli, pakati penipeni pamudzi: nyumba imodzi yamalata, thanki yamadzi, galimoto yakale ndi makina ofinyira. Ankafuna kudziwa ngati phulusa la mankhusu a mpunga lingalowe m'malo mwa simenti ina, kuti pa matumba anayi alionse munthu azigula atatu okha. Wamkulu anali Dokotala Sambani. Antchito analipo 11.

Ine ndine Tawina, ndimagulitsa mchenga ndi miyala pa Njuli. Ndinkawabweretsera mankhusu kuchokera kuzigayo za mpunga, matumba 20 pa sabata. Ndinali nditawerengera kale kuti phulusalo likadzavomerezedwa ndidzayamba kuumba mabuloko otchipa kuposa a wina aliyense pamsewu wa ku Zomba. Chimene ndinkadikira ndi pepala la bambo Namakhwa basi.

Koma zino ndi zaka zimene Edzi ikulowa khomo ndi khomo, mankhwala kulibe. Dalaivala anapita. Amisiri awiri anapita mwezi umodzi. Mu 1999 Dokotala Sambani nawonso anadwala miyezi isanu, n'kukaikidwa kwawo. Koleji inalemba kalata kuti bambo Namakhwa agwirizire kaye, wina abwera. Palibe anabwera. Pofika chaka chino anatsala atatu: iwowo, Mikaele woumba mabuloko, ndi mayi Eluby osefa mchenga ndi kuotcha mankhusu.

Pamalopo chilichonse chinasanduka cha maliro. Galimoto inkanyamula mitembo kuposa miyala, woyendetsa ali bambo Namakhwa okha. Matabwa a zikombole anathera kumabokosi. Simenti inkapita pang'onopang'ono kumanda, chifukwa mkazi wa wantchito wako akabwera ndi beseni sungamuuze kuti iyi ndi ya kafukufuku.

Chovuta kwambiri chinali tsikulo. Dokotala Sambani anasiya buku lolemba pamanja, ndipo bambo Namakhwa ankalitsata ngati Malembo. Bukulo linkati mabuloko 48 aumbidwe tsiku limodzi, theka a simenti yokha, theka osakaniza ndi phulusa, ndipo onse aswedwe tsiku limodzi. Tsono m'mudzi mukagwa maliro palibe amagwira khasu kapena kuliza chigayo mpaka ataika. Makina a bambo Namakhwa ndi a injini, ndipo buloko likamasweka limaphulika ngati mfuti.

Mu Malichi tsiku la 28 linagwera pa maliro a mwana wa m'mudzimo. Iwo anatseka zitseko n'kuliza makina. Ataswa mabuloko anayi okha, adzukulu anafika ndi makasu ndi mafosholo awo, matope a kumanda ali m'miyendo.

"Ife tikukumba, inu mukuomba mfuti?" anatero mtsogoleri wawo. "Kapena ndi makina amenewa akutimalizawa?"

Bambo Namakhwa analipira nkhuku ziwiri, koma mawuwo anatsala. Ana ankathawa akaona galimoto yawo. Mu Juni tsikulo linagweranso pa maliro, mu Ogasiti chimodzimodzi. Maulendo onse awiri anangokhala pansi pa mtengo limodzi ndi amuna anzawo, kenaka n'kukataya mabuloko kuseri kwa nyumba. Muluwo unafika m'chiuno.

Kumapeto kwa Seputembala kunabwera kalata ina. Inati pofika pa 15 Disembala koleji ikufuna zotsatira za mabuloko osachepera 36 oswedwa pa tsiku lake. Zikapanda kufika, makina abwerera ku Blantyre ndipo malowo atsekedwa. Ndinawapeza atakhala pa chikombole, kalatayo ili pabondo.

"Bwanji osangobwerera kukoleji, bambo?" ndinafunsa.

"Mpando wanga kumeneko anakhalapo wina kalekale. Ndipo ndikachoka, Eluby ndi ana asanu a malemu mchemwali wake akadya kalatayi? Kuchoka sindingachoke, kugwira ntchito sindikugwira. Ndangokhala mlonda wa thanki."

Mayi Eluby anayankha ali kosefa: "Mlonda wake wachikondi! Mabulokowa mumawasambitsa kuposa mmene mumasamalira mayi a kunyumba."

"Mayi a kunyumba sasweka pa 28," anatero iwo, ndipo tinaseka tonse, ngakhale Mikaele amene kuseka kunkamuyambitsa chifuwa.

Mikaele anali ataonda kwambiri, lamba ataboola mabowo awiri atsopano. Tonse tinkaona, palibe ankanena. Anapangana zoumba Lachiwiri pa 3 Okutobala. Lolemba madzulo kunabwera uthenga woti mlongo wawo wa bambo Namakhwa wamwalira ku Milepa.

"Pitani, bwana," anatero Mikaele. "Foteyeti ndi chiyani kwa ine? Ndinaumbapo handiredi ndili ndi malungo."

Anapita, ndipo anabwerako Lachisanu. Anasuzumira m'thanki, anawerenga mizere, anapeza 48. Pamwamba pa mabuloko panali tsiku lolembedwa ndi msomali, 3/10, monga Mikaele ankachitira nthawi zonse. Analemba pakhoma ndi choko: 31 Okutobala.

Kuyambira pamenepo ankawerenga masiku ngati mayi woyembekezera. Akamva kulira kumudzi ankayamba waima, kenaka n'kuwerenga zala. Pa 20 Mikaele analeka kubwera kuntchito. Pa 26 anamutengera kuchipatala pa galimoto ija, pa 28 anamubweza kunyumba. Anamwalira Lolemba pa 30 m'mawa, ndipo abale anati aika Lachiwiri.

Nyumba ya Mikaele inali kuseri kwa mpanda wa malo ofufuzirawo. Titakhala pasiwa tinkaona denga la malata ndi paipi ya utsi ya makina. Bambo Namakhwa anapereka matabwa omaliza a bokosi, ananyamula anthu, ndipo anayankhula m'malo mwa akuntchito. Anati Mikaele sanaumbepo buloko lokhota. Wotchi sanayang'ane ngakhale kamodzi, anaivula n'kuiika m'thumba.

Pobwera kumanda ndinawatsatira.

"Bambo, tsiku limodzi kapena awiri n'chiyani? Mukaswe Lachinayi, mulembe 31. Adzadziwa ndani?"

"Iwe Tawina, ukamagulitsa mchenga umachotsako fosholo imodzi pa wilibala?"

"Ayi."

"Nanga ine ukundiyesa ndani? Pepala limenelo anthu adzamangira makalasi. M'kalasimo mudzakhala ana, mwina ako."

Ndinachita manyazi, koma mumtima ndinkawerengabe. Simenti inatsala thumba limodzi. Akaumbanso 48 tsiku limodzi, tsiku lake n'kugweranso pa maliro, ndiye kuti zatha. Mwezi umenewo m'mudzimo munali mutachitika maliro asanu ndi awiri.

Lachitatu kunali kusesa, sanatsegule. Lero Lachinayi pa 2 Novembala ndinabweretsa mankhusu ngakhale sindinkadziwa ngati akufunikanso. Ndinapeza bambo Namakhwa atapinda buluku, ali m'thanki, akutulutsa mabuloko n'kumapatsira mayi Eluby kuti akataye pamulu paja. Ndinaika matumba pansi n'kuyamba kulandira nawo.

Titafika mzere wapansi, buloko lina linandichititsa kuima. Msomali unalemba 5/10.

"Bambo, ili lalakwika tsiku."

Analitenga, analipukuta ndi malaya, analiyang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa lina, 5/10. Lina, 5/10. Mzere wonse wapansi, mabuloko 12, asanu ndi limodzi a phulusa, asanu ndi limodzi a simenti yokha.

"Eluby, ichi n'chiyani?"

Mayi Eluby anakhala pansi pa mchenga n'kuphimba kumaso ndi chitenje.

"Anandiletsa kunena, bwana. Lachiwiri lija anaumba 36, mphamvu zinamuthera, anagona pamatumba apo. Lachitatu sanadzuke. Lachinayi ndi pamene anamaliza enawo, ine ndikumusakanizira. Anawabisa pansi kuti musaone. Ankaopa kuti mukadziwa mumuuza kuti azikhala kunyumba."

"Nanga osangolemba 3 bwanji? Sindikanadziwa."

"Ndinamuuza zomwezo. Anati, bwana akhoza kukhululuka ulesi, koma tsiku labodza ayi."

Bambo Namakhwa anatuluka m'thanki, madzi akuchucha m'miyendo. Anapita pakhoma, anayamba kuwerenga ndi chala kuchokera pa 5 Okutobala. Ine ndinali nditamaliza kale koma ndinawasiya afike okha. Chala chinaima pa 2 Novembala.

"Kumudzi kuli bwanji lero?" anafunsa osatembenuka.

"Kuli zii," anatero mayi Eluby. "Chigayo chikulira."

Anapita kaye kuseri kwa mpanda kukapempha chilolezo choliza makina kwa mkazi wa Mikaele, poti misozi inali isanaume. Mayiyo anati lizani, mwiniwake ankalikonda phokosolo. Ndipo analiza. Buloko lililonse likaphulika ankatchula nambala ya pa singano, ine ndikulemba m'buku la Dokotala Sambani. Kuti buloko livomerezedwe linkayenera kufika pa 20. A simenti yokha anasewera pa 23 ndi 24. Loyamba la phulusa linasweka pa 21. Lachiwiri 22. Palibe linatsika pa 20.

Ine ndinalumpha. Bambo Namakhwa anazimitsa injini n'kukhala pa chikombole chawo chija.

"Usavine, ndi 12 chabe. Akufuna 36."

"Atsala 24," ndinatero.

Anatsegula bukulo patsamba limene Dokotala analemba kuti onse aumbidwe tsiku limodzi. Analiwerenga mokweza, kawiri.

"Munthuyu analemba izi mu 1996, maliro akuchitika kamodzi pamwezi. Ine chaka chonse ndakhala ndikuika mazira onse pa nkhuku imodzi. Kalata ya koleji ikuti 36 pa tsiku lake, sikunena kuti tsiku limodzi." Anatseka buku. "Wodwala uja wandiphunzitsa ntchito ali m'manda."

"Mukanamufunsa ali moyo akanakuuzani kuti muonjezere malipiro kaye," anatero mayi Eluby, akupukuta m'maso.

Sikuti zinthu zasintha. Woumba palibe, aziumba okha ndi msana wawo wa zaka 54. Thumba la simenti ndi limodzi lomwelo, ndipo alitsekera m'kabati ya mabuku kuti asaone nkhope ya wobwera ndi beseni. Maliro sanaleke, dzulo lomweli galimoto inapitanso kuchipatala cha ku Kadewere kukatenga maliro a m'mudzi wina. Ngakhale zotsatira zitafika, palibe walonjeza kuti koleji idzatumiza munthu kapena simenti ina.

Koma tagwirizana chochita. Kuyambira mawa, Lachisanu pa 3 Novembala, aziumba mabuloko asanu ndi limodzi patsiku, atatu a phulusa ndi atatu a simenti yokha, kwa masiku asanu ndi limodzi, kudumpha Lamulungu. Oyamba adzaswedwa pa 1 Disembala, omaliza pa 7. Pa masiku amenewo tikufuna anayi okha opanda maliro. Mchenga wosefa ndibweretsa ine, mawilibala awiri, sikisi koloko m'mawa.