Lachisanu limene ndinafufuta gemu ya Idrisa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene amalume anga, a Saidi, anabwerera kuchokera ku Joni. Tinkakhala m'tauni ya Mangochi, kuseri kwa msika, kumene fungo la usipa wouma limakulondola mpaka kuchipinda. Amalumewo anatsegula malo ometera tsitsi pakhonde la nyumba yawo, ndipo pakona anaikapo tivi ndi makina akuda a gemu amene anabwera nawo m'chikwama. Tikaweruka ku madrasa, anyamata a m'dera lathu ankathamangira kumeneko. Mtsikana ndinalipo ndekha. Amayi ankangoti bola ndili pamaso pa mchimwene wawo.

Gemu imene inatigwira mtima inali ya msilikali wa makedzana, wa nthawi ya malupanga ndi mahatchi. Ankakwera makoma a mzinda wamiyala ndi kudumpha padenga ndi padenga, kusaka akuluakulu amene anapereka mzinda wa kwawo kwa adani. Chingerezi chake sitinkachimva kwenikweni, choncho nkhaniyo tinkaimasulira tokha, aliyense mmene wafunira. Pamene munthu walekezera pankasungidwa pa kakhadi kakang'ono kolowetsa kutsogolo kwa makinawo, ndipo aliyense anali ndi malo akeake olembedwa dzina. Anga analembedwa PATUMA, zilembo zikuluzikulu.

Ndinasewera miyezi inayi. Chala changa chachikulu chinachita chikang'a chifukwa cha mabatani a padi, kachipangizo kogwira m'manja kaja. Pofika nyengo ya mango ndinali nditagonjetsa adani onse kupatula mmodzi, ndipo panalibe mnyamata amene anafikapo pamenepo. Ndikakhala pampando, ngakhale anthu odzametetsa ankatembenuza mutu, amalume n'kumawabweza ndi chala.

Kenaka mnzawo wa amalume, woyendetsa thiraki, anawabweretsera makina atsopano, oyera, pamodzi ndi gawo lachiwiri la gemu yomwe ija. Gawo lachiwirilo silinkatheka pa makina akale, loyamba nalonso silinkatheka pa atsopano. Tivi inali imodzi. Pakhonde panagawanika.

Wotsogolera a makina atsopano anali Idrisa, mwana wa amalume, msuweni wanga, wondiposa ndi chaka chimodzi.

"Wa m'gawo loyamba uja amayenda ngati wameza ndodo," iye ankatero. "Taonani uyu. Mkanjo ukuuluka ndi mphepo. Madziwo ndi madzi enieni!"

"Angolankhula basi, kumenyana kwake kuli kuti?" ankayankha Jafali, mwana wa msodzi, amene anali mbali yanga. "Ndiye padi yakeyo kukula ngati mbale. Iyi ndi gemu ya anthu oonera, osati osewera."

Ine ndinkaonjezera kuti anthu amene alephera gawo loyamba ndiwo athawira ku lachiwiri. Ndinkanena ndikumuyang'ana Idrisa m'maso, chifukwa aliyense ankadziwa kuti iye anakanika pa mdani wachitatu. Amalume atatopa ndi phokoso anagamula kuti masiku atatu akhale a makina akale, atatu a atsopano, ndipo Lachisanu tivi ipume.

Lolemba lina, tsiku lathu, ndinafika ndikuthamanga, mpango uli m'khosi. Ndinali nditalota mdani womaliza uja. Nditayatsa makina ndinapeza maina a anzanga onse alipo, koma pamalo panga panali mbee. Ndinatulutsa kakhadi, kukapemerera, kukabwezera. Palibe. Idrisa anali atakhala pa chipupa cha khonde akusenda mango ndi mano.

"Ndimangofuna ndione ngati batani lofufutira limagwira," anatero. "Ayi ndithu, limagwira."

Anyamata anafa ndi phwete. Ngakhale Jafali anabisa kukamwa ndi dzanja. Ndinapita kwa amalume, amene anali pakati pometa bambo wina wandevu zoyera. Anandimvera ndi khutu limodzi, makina ometera akulira.

"Idrisa, usamachite zimenezo," anatero osatembenuka. "Iwenso mwanangu, ndi gemu chabe. Uyambirenso."

Nkhani inathera pomwepo kwa wina aliyense, kupatula ine. Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kuseri kwa bafa la kwathu, ndipo potuluka ndinali nditadziwa chochita.

Popanda ine, gulu la makina akale linatha ngati mchere m'madzi. Jafali sanachedwe kuwolokera kwa Idrisa. Patapita milungu iwiri amalume anaika makina akuda aja m'katoni n'kuwapatsa m'bale wathu wa ku Lungwena, amene anawanyamula panjinga pamodzi ndi kakhadi komwe.

Ine sindinasiye kupita pakhonde paja. Ndinkakhala pabenchi lakumbuyo, manja pamiyendo. Akandipatsa padi ndinkakana, n'kunena mokweza kuti sindigwira gemu ya ana. Koma maso anga sankachoka pa zala za Idrisa. Ndinaona pamene amadina akafuna kusunga, ndinaona pamene dzina lake limakhala m'kati mwa makina atsopanowo, ndinaona ndi kachithunzi ka bini ya zinyalala kamene kanali pambali pake. Ndikanatha kufufuta mlungu woyamba womwewo. Koma akanataya chiyani? Ndinkafuna akhale ndi zambiri zoti ataye, zofanana ndi zanga.

Choncho ndinkamuthandiza. Akasochera m'misewu ya mzindawo ndinkati, ngati ndikulankhula ndekha, "Khomo lija lili kuseri kwa chitsime." Akalephera mdani wina kasanu ndinkati, "Anthu ena akanayamba atchinga kaye." Iye ankaganiza kuti ndafewa. Tsiku lina mpaka anandigawira chinangwa chokazinga, ndipo ndinadya. Ndinkamunenepetsa ngati mbuzi ya Idi.

Zinatenga milungu isanu ndi iwiri. Lachinayi lina anafika pachipata cha mdani womaliza, nasunga, naimirira pabenchi n'kulengeza kuti Loweruka aliyense abwere adzaone mwamuna akumaliza gemu.

Lachisanu masana amuna onse anapita ku mzikiti. Dzuwa linali lija la Mangochi loti ngakhale agalu amasowa pogona, ndipo msewu unali zii. Azakhali, akazi a amalume, ankachapa kuseri. Ndinawapatsa moni, ndinati ndikufuna madzi akumwa, n'kudutsa m'nyumba mpaka pakona pamene tivi inkalowetsedwa tsiku lopuma. Magetsi analipo. Ndinatsitsa mawu a tivi, ndinapeza dzina la IDRISA, ndinadina kabini kaja. Makinawo anandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Anafunsanso kachiwiri. Kawiri konse ndinavomera. Sindinama: madzi amene ndinamwa potuluka anali okoma kuposa madzi alionse amene ndinamwapo.

Loweruka khonde linadzaza. Ena anachokera mpaka kutsidya kwa mlatho wa pa Shire. Idrisa anavala malaya ake a pa Idi, anathyola zala, anayatsa makina. Ndinali pabenchi langa lija ndipo ndinaona khosi lake likuuma. Anazimitsa, anayatsanso. Anafufuza uku ndi uku. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono.

"Zikuoneka kuti pa makina atsopanonso batani lija limagwira," ndinatero.

Anandilumphira, koma Jafali ndi anyamata ena anamugwira. Analira pamaso pa anzake onse, mamina ndi misozi pa malaya a Idi, ndipo ine ndinamuyang'ana osaphethira mpaka mapeto. Ulendo uno amalume anazimitsa makina ometera. Anabalalitsa gulu lonse, natikhazika awiri tokha.

Ndinkayembekezera ndodo. M'malo mwake anatenga padi yaikulu ija n'kuiika m'manja mwanga.

"Kuyambira mawa ukhala pampando uwu tsiku lililonse mpaka umubwezere pamene anafika. Iwe Idrisa ukhala pambali pake. Ukangogwira padi iye asanamalize, makinawa ndikawataya mu Shire."

"Nanga zanga, amalume?" ndinafunsa. "Miyezi inayi. Andibwezere ndani?"

Amalume anasisita lumo pa thalauza.

"Pamenepo ndinalakwa ndine," anatero. "Unabwera kwa ine, sindinakumve. Zako sindingathe kukubwezera. Koma zake uli nazo mphamvu, ndiye ubweza."

Ndinayamba ndi mkwiyo, ndikudina mabatani ngati ndikufuna ndiwaboole. Tsiku lachitatu msilikali uja anatsikira kudoko. Tsopano anali munthu wachikulire, wa imvi m'ndevu, ndipo akathamanga kwambiri ankapuma mokoka. Ndinamukweza pa mlongoti wa ngalawa, mzinda wonse unatambasuka pansi panga, ndipo ndinamva mtima wanga ukuchita chinthu chimene sindinkafuna. Gemuyo inali yabwino. Lupanga linkamveka kulemera m'manja, adani ankaganiza asanakumenye, ndipo padi imene tinkaiseka ija inkakhala bwino m'zala kuposa yakale. Milungu yonse ija ndinali pabenchi ndinkaona zala za Idrisa zokha, gemuyo sindinaione.

Sindikanatha kuvomera. Ndinkasewera nkhope nditaikwinya, Idrisa ali pambali panga, manja atawapanira m'khwapa kuti asagwire padi. Nthawi zina ankalephera kupirira. "Kumanzere, iwe! Kumanzere!" Ine ndinkapita kumanja dala, kufa, n'kuyambiranso, iye akuluma milomo. Ngakhale m'kati mwa chilango ndinapezamo kobwezera.

Ndinafika pachipata chomaliza patatha milungu inayi, mofulumira kuposa iye. Ndinkadziwa kuti mdaniyo ndikanamugonjetsa tsiku lomwelo. Zala zinkandiyabwa. Koma ndinasunga, ndinaika padi pa miyendo ya Idrisa, n'kutuluka. Iye anamaliza patapita masiku angapo. Oonera anali Jafali ndi bambo mmodzi wodikira kumetedwa, chifukwa anyamata ena onse anali atatengeka ndi gemu ya mpira.

Lero Idrisa ali ku Joni, ine ndimaphunzitsa sitandade faifi pa sukulu ina cha ku Makokola. Iye sanapepesepo, inenso sindinapepesepo. Tikamalankhula pa foni timakanganabe za makina, iye awa ndiwo abwino, ine awa, ndipo sindinamuuzepo kuti gawo lachiwiri lija linandikoma. Mathero a gawo loyamba sindinawaone mpaka lero. Ndikanatha kuwafufuza pa foni, koma si mathero ongoonera amene ndinkafuna.

Anthu amayembekezera kuti ndinene kuti ndinanong'oneza bondo. Pang'ono chabe. Chimene ndimachita nacho manyazi n'chakuti ndinanyoza chinthu chabwino milungu isanu ndi iwiri osachigwira n'komwe, chifukwa chodana ndi amene ankachikonda, ndipo ndinkakhulupirira ndithu kuti amenewo ndi maganizo anga. Koma chimene ndinaphunzira kwambiri chinachokera kwa amalume, osati m'chilango chawo, koma m'kulakwa kwawo. Teremu yathayi kamtsikana kena kanabwera kutsogolo ndili pakati pa masamu, kakuti mnzake wang'amba chithunzi cha galimoto chimene kanajambula mlungu wonse. Kalasi inaseka. Ine ndinaika choko pansi, masamu anadikira, ndipo mlanduwo tinauweruza pomwepo mpaka wong'ambayo anatenga pepala ndi pensulo. Mwana wobwera akulira sandiopsa. Amene amandiopsa ndi amene wauzidwa kuti nkhani yake ndi yaing'ono, n'kukakhala kumbuyo mwakachetechete, akumwetulira.