Tsiku Limene Dimba la Amayi Linanama

Zinali m'zaka za Chitaganya, ine nditangobereka mwana wanga woyamba. Mwamuna wanga anali ku migodi, ndipo ndinkakhala ndi amayi m'mudzi mwathu, kuseri kwa Sinda. Amayi anali ndi dimba m'mphepete mwa dambo, la mpiru, matimati ndi anyezi pang'ono. Dimbalo ndilo linkatipatsa mchere ndi sopo, chifukwa ndiwo zake tinkakagulitsa kumsewu waukulu.

Vuto lathu linali madzi. Ikafika Okutobala, chitsime chathu chinkasanduka matope. Tinkapalasa ndi manja, n'kudikira kuti madzi asonkhane, n'kumatunga ndi chikho pang'onopang'ono ngati tikuba. Madzi abwino anali kuseri kwa phiri, ulendo wa m'mawa wonse. Khosi la amayi linali litayamba kale kukana mtsuko, koma mwini khosiyo sankalola kuti wina azinena zimenezo.

Ndiye tinamva kuti kukubwera mlangizi wochokera ku Katete kudzaona mmene anthu amathirira madimba. Chifukwa chake palibe anatiuza. Ife alangizi tinkawadziwa ngati anthu oyeza migula ndi odzudzula aulesi. Amayi atamva, anangoti, "Munthu wa boma asadzapeze mpiru wanga utagona."

Tinayamba kusenza madzi a kuphiri kuja, ine mwana kumbuyo, iwo nkhata pamutu, mpaka mpiru unadzuka n'kuchita kuti biriwiri. Anansi ataona, nawonso anayamba, pakuti ndani angafune kuti dimba lake likhale lochititsa manyazi mudzi? Tsiku lobwera mlendoyo amayi anakhuthulira mitsuko ingapo m'chitsime momwe, kuti nacho chioneke chaulemu. Ndinaseka mpaka misozi, iwo n'kundiopseza ndi chikho.

Mlangiziyo anali mnyamata waulemu, anafika panjinga thukuta lili kamukamu. Amayi anagwada n'kumupatsa madzi oyera a kuphiri, omwe anali atawasunga pamthunzi. Anamwa onse.

"Amayi, madzi okoma chonchi mumatunga kuti?"

"Konkuno, bambo."

Mnyamatayo anasuzumira m'chitsime muja. "Chimenechi sichiphwa m'chilimwe?"

Amayi anayang'ana pansi. "Timayesetsa, bambo. Sitidandaula."

Kwathu mlendo sauzidwa njala ya pakhomo, ndipo mwana satsutsa mayi ake pamaso pa mlendo. Mnyamatayo anayamikira dimba, analemba zake, n'kukwera njinga. Mlendo ndi mame. Amayi anakhala sabata yonse akubwereza mawu ake oyamikira kwa aliyense wodutsa pakhomo.

Chaka chotsatira tinaona galimoto yodzaza simenti ikudutsa m'mudzi mwathu osaima. Inapita kutali, kumudzi wina umene akazi ake anamuonetsa mlangizi uja madimba ouma ndi zitsime zamatope, osabisa kanthu. Kumeneko boma linakumba chitsime chakuya, chomanga, chosaphwa. Ndi pamene tinamva kuti mafunso aja anali ofuna kudziwa kumene madzi akusowa. Ife tinali titalembedwa kuti tili nawo.

Ndinapsa mtima kwambiri, koma ndinasowa womupsera. Mnyamata uja analemba zimene anaona. Amayi anachita zimene anaphunzitsidwa ndi amayi awo. Paja amati manyazi anapha lambe. Amayi anangotenga nkhata yawo.

Anasenzabe zilimwe zingapo, kenako khosi linakaniratu, msana n'kutsatira. Ine ndekha, ndi ana amene anali atachuluka, sindinathe kuthirira dimba ndi kutunganso akumwa. Mpiru unagona, mpanda unagwa, mbuzi zinamaliza zotsala. Mpaka lero ndikamadutsa padimba lobiriwira, mtima umandiwawa.

Amayi atadwala matenda awo omaliza, kunali kotentha ndipo sindikanatha kuwasiya okha n'kupita kuphiri. Ndinkatunga madzi a m'chitsime chathu, n'kuwasefa pansalu, koma ankatsalabe ofiirira ndi onunkha dothi. Masana ena anapempha madzi. Ndinawadzutsa, ndinawagwirira chikho. Anamwa pang'ono, anayang'ana m'chikhomo nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja.

"Mwanawe," anatero, "akabwera mlendo, awa usam'patse."